Nkhanga zikutithera m'midzi, koma mlandu si wa alenje okha

Achikumbe anzanga, sabata ino tiike kaye pambali nkhani ya mtengo wa feteleza, tikambeko za mbalame imene ambiri a ife tidakula tikuimva ikusokosera m'mamawa kuseri kwa munda, koma ana ena a masiku ano akungoidziwira pa nsalu ya chitenje. Ndikunena nkhanga ya kutchire.

Pa ntchito yanga ndimayenda m'midzi yambiri ya m'chigawo cha pakati ndi cha kumwera, ndipo ndikafunsa akuluakulu kuti kodi nkhanga zidapita kuti, yankho limakhala limodzimodzi: adazitha alenje. Ine yankho limeneli sindikhutira nalo. Alenje sadayambe lero. Makolo athu ankapita ku uzimba chaka ndi chaka, ankatchera makhwekhwe, anyamata oweta mbuzi ankatola mazira, koma nkhanga sizidathe. Chimene chasintha ndi malo. Tawononga pogona pake, poikira pake ndi pomwera pake, ndipo amene tachita zimenezi ndife alimi, pogwiritsa ntchito khasu, nkhwangwa ndi machesi.

Tiyambe taiyang'anitsitsa mbalameyi, chifukwa maonekedwe ake akutiuza kale moyo umene imakhala. Nkhanga yaikulu imatalika masentimita 53 mpaka 58 kuchokera kumlomo kufika kumchira, ndipo imalemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi magalamu 300. Thupi lake ndi lobulungira ngati mtsuko, mchira ndi waufupi woloza pansi, pamene mutu ndi waung'ono kwambiri poyerekeza ndi thupilo. Nthenga zake ndi zakuda motuwira, zodzaza ndi timaanga toyera. Munthu akaiona pa bwalo amayesa kuti maangawa ndi okongoletsa chabe, koma ikabisala mu udzu pansi pa mtengo, dzuwa likudutsa m'masamba, simuiona mpaka mutatsala pang'ono kuiponda. Mutu ndi kumtunda kwa khosi kulibe nthenga. Khungu la pamenepo ndi la buluu, chakumwamba n'lofiira, ndipo pa liwombo pali kanyanga ka fupa kooneka ngati chisoti. M'mbali mwa mlomo mumalendewera tinyama tiwiri timene pa nkhanga zathu za kutchire timakhala ta buluu koma tofiira kunsonga. Tambala ndi thadzi amafanana zedi moti kuwasiyanitsa ndi maso n'kovuta. Chosavuta ndi kumvera kulira kwake: thadzi lokha ndi limene limalira mawu awiri mobwerezabwereza, pamene tambala amangotulutsa liwu limodzi laukali.

Tsono onani miyendo ndi mapiko. Miyendo ndi yolimba, ya mbalame yopalasa ndi yothamanga. Mapiko ndi aafupi. Nkhanga ikadzidzimuka imayamba yathawa wapansi, ndipo ikapanikizika kwenikweni m'pamene imabulika, kuuluka kamtunda kochepa n'kuteranso. Pa tsiku gulu la nkhanga likhoza kuyenda makilomita 10 pofuna chakudya, koma ulendo wonsewo ndi wapansi. Apa ndi pamene pagona nkhani. Namzeze malo akamuipira amawoloka nyanja. Nkhanga siingathe. Zonse zimene imafuna pa moyo wake ziyenera kupezeka pa mtunda woti ikhoza kuyenda pakati pa m'bandakucha ndi madzulo.

Akatswiri a za mbalame amaitchula kuti Numida meleagris. Imapezeka pafupifupi mu Africa yense wa kumwera kwa chipululu cha Sahara, kuyambira ku Senegal kumadzulo, kudutsa ku Ethiopia ndi Somalia kum'mawa, kutsika mpaka ku Cape. Kumpoto kwa Sahara kudali kagulu kamodzi kokha, ku Morocco, ndipo kameneko sikadaonekenso kuchokera m'zaka za m'ma 1970. Nkhanga yathuyi siikhala m'nkhalango zowirira ngati za ku Congo, komanso siikhala m'chipululu mopanda madzi. M'zitsamba zothithikana mumakhala mlongo wake, nkhanga ya tsumba la nthenga zakuda pamutu, imene kuno kwathu mukhoza kukaiona ku Lengwe m'boma la Chikwawa. Koma iyi ya chisoti imakonda tchire lotseguka, la udzu ndi mitengo ya patalipatali, m'mbali mwa madambo, m'matsala ndi m'malire a minda. Kunena mwachidule, imakonda malo okhaokhawo amene mlimi amakonda. N'chifukwa chake yakhala nafe limodzi kuyambira kalekale, ndipo n'chifukwa chakenso kuti ife tikasintha kalimidwe, iyo ndi yoyamba kumva kuwawa.

Tsiku la nkhanga limayenda motere. Kukangocha gulu limatsika mu mtengo umene lidagona n'kundandana kupita kumadzi. Likamwa limabalalika kukadya pamalo poyera, kumene likhoza kuona mdani ali patali. Dzuwa likakula limakabisala pamthunzi n'kumasamba m'fumbi pochotsa utitiri, ndipo chakumadzulo limadyanso, kenaka n'kubwerera ku mtengo womwe uja. Nkhanga ikhoza kugona mu mtengo umodzi kwa zaka zambiri ngati palibe woisokoneza. Kugona m'mwamba si mwambo chabe ai. Pansi pali nkhandwe, vumbwe ndi agalu athu omwe. Masana mdani amachokera kumwamba, ndipo makolo athu adamudziwa bwino pamene adamupatsa dzina loti chiwombankhanga. Tsono inu mukadula mkuyu kapena msangu waukulu umene udatsala wokha m'mbali mwa dambo kuti muwotchere njerwa, dziwani kuti mwagwetsa nyumba ya nkhanga 20 kapena 25 pa tsiku limodzi, chinthu chimene mlenje wa legeni sangachite pa chaka chathunthu.

Koma pofunika koposa ndi poikira mazira. M'chilimwe nkhanga zimayenda m'magulu, koma mvula ikayamba gulu limasweka, zimayenda ziwiriziwiri. Thadzi limafukula kadzenje pansi, mu udzu wowirira kapena patsinde pa chitsamba, n'kuikira mazira 6 mpaka 12. Mukapeza chisa cha mazira opitirira 20, ndiye kuti aikiramo mathadzi awiri kapena atatu. Limafungatira masiku 26 mpaka 28, kusiyana ndi nkhuku imene imaswa pa masiku 21. Anapiye akaswa amayenda tsiku lomwelo, koma pamatenga masabata awiri kapena atatu kuti ayambe kuulukira mu mtengo. Tiyeni tiwerengere pamodzi: masiku oikira, kuphatikiza masiku ofungatira, kuphatikizanso masiku olera, tikupeza miyezi iwiri yathunthu imene banja la nkhanga limadalira kachigawo kamodzi ka udzu kuti kasapse, kasalimidwe, kasamwetedwe ndiponso kasadyetsedwe ng'ombe. Ndikufunsani inu owerenga: m'mudzi mwanu kachigawo kotere kakadalipo?

M'midzi yambiri kulibe. Pa kalembera wa 1966 m'dziko muno tidalipo anthu 4 miliyoni. Mu 1987 tidafika pafupifupi 8 miliyoni, ndipo pa kalembera wa 2018 tidapitirira 17 miliyoni ndi theka, dziko lili lomwe lija. Tsala lidatha, munda umalimidwa chaka ndi chaka. Madimba adafika m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje, bango ndi nsenjere zidazulidwa. Ine sindingaimbe mlandu mayi amene ali ndi ekala imodzi ndi ana asanu chifukwa cholima paliponse pamene khasu lingalowe. Njala siidikira. Koma pali zina zimene timawononga popanda phindu lililonse, ndipo choyamba ndi moto.

Chaka chilichonse kuyambira mu Ogasiti mpaka mu Okutobala dziko lonse limafuka utsi. Wina akufuna mbewa, wina akusosa ndipo moto wamupulumuka, wina wangoponya kotsalira ka fodya. Ena amati moto sukhudza nkhanga popeza nthawi imeneyo sizikhala zikuikira. Akulakwitsa. Mvula yoyamba ikagwa, msipu watsopano umakhala waufupi woti sungabise ngakhale zinziri. Zisa zoyamba zimadalira udzu wakale umene udapulumuka moto. Pamene udzu watsopano ukufika m'chiuno, ife tili kale m'munda kupalira ndi kubandira, ana ndi agalu ali pambuyo pathu. Palupsa thadzi limakakamizika kuikira poonekera, ndipo khwangwala, ng'azi ndi likongwe amachita phwando. Moto wa mu Okutobala umatenthanso njere za udzu ndi tizilombo timene nkhanga zikadadya pa nthawi imene zikufunika kunenepa kuti ziikire, komanso umapha timitengo tating'ono timene tikadalowa m'malo mwa mkuyu uja tidadula. Akulu adati nkhanga zidapangana kusanapse. Vuto la lero ndi lakuti ngakhale zitapangana, kokakumanako kwapsanso.

Wina anena kuti awa ndi maganizo a munthu wa kusukulu chabe. Tamvani zimene zidachitika ku South Africa. M'zaka za m'ma 1980 alimi a ku KwaZulu-Natal Midlands adayamba kudandaula kuti nkhanga zachepa kwambiri m'mafamu mwawo. Kumeneko si kwa anyamata a malegeni; ndi minda ikuluikulu ya mipanda, yolowa ndi chilolezo. Akatswiri a ku yunivesite ya Cape Town, pamodzi ndi Pulofesa Tim Crowe, adafufuza nkhaniyi m'zaka za m'ma 1990, ndipo chala chidaloza kalimidwe: minda ya mbewu imodzi yolimidwa kuchoka ku mpanda kufika ku mpanda, kutha kwa udzu ndi zitsamba za m'malire, ndiponso mankhwala ambiri opha udzu ndi tizilombo. Kumene mlimi adasiya minda yosakanikira ndi tchire, nkhanga zidalipobe. Ife kuno tilibe mathirakitala awo, koma mtima wofuna munda woyera mbee mpaka m'malire tili nawo, ndipo ena mwa ife alangizi ndi amene timauyamikira pa tsiku la chionetsero.

Pali mtundu umodzi wa ulenje umene sindingauikire kumbuyo, ndipo sindifuna n'komwe kuutchula kuti ulenje. Ndi uja woviika chimanga mu tameki kapena mu mankhwala a thonje n'kukamwaza pa chitsime pomwera mbalame. Khwekhwe limagwira nkhanga imodzi. Poizoni amapha gulu lonse m'mawa umodzi, pamodzi ndi nkhwali, njiwa, nkhuku za eni ake ndi galu amene watola yakufa. Kenaka nyama yomweyo imakafika pa msika yowamba bwino, inu n'kugulira ana anu. Kuchotsa chithokomiro ndi matumbo sikuchotsa poizoni yense. Lamulo la za nyama za kutchire la 1992 limaletsa kusaka ndi poizoni ndiponso ndi moto, koma kodi ndani adaonapo msilikali wa za nyama akulondera chitsime cha m'mudzi? Amene amadziwa wochita zimenezi ndi inu anansi ake.

Ndikudziwa kuti ena mwa inu mukuwerenga mukupukusa mutu. Mukuti nkhanga ndi mbava, imafukula chimanga chongobzala kumene, imatola mtedza, imalowa m'mawere ndi m'mapira. N'zoona, sindikana. Koma tiwerengere nthawi yake. Chimanga chili pa ngozi kuyambira tsiku lobzala mpaka chitatulutsa masamba angapo, masabata awiri kapena atatu basi, ndipo nthawi imeneyo timalondera kale chifukwa cha akhwangwala, nkhwali ndi apusi. Miyezi ina yonseyo nkhanga ikudya chiyani? Ikudya njere za udzu zimene zikadamera m'munda mwanu, timizu ta dawe timene khasu limalephera kutimaliza, chimanga chotayika pokolola. Nthawi ya dzinja, pamene ikuikira ndi kulera, imatembenukira ku ziwala, chiswe, ngumbi, nkhululu, mbozi ndi nkhono. Anapiye ake masabata oyamba amakhalira tizilombo. Waganyu wotere, wosafuna malipiro kapena phoso, mungamupeze kuti?

Pa nkhani ya nkhupakupa pokha ndichenjeze. Anthu ena ogulitsa nkhanga amalengeza kuti mukakhala nazo ndiye kuti za dibi mwaiwala. Nkhanga imatola nkhupakupa ndithu ikazipeza mu udzu, koma siingamalize, ndipo nayonso imanyamula tinkhupakupa tating'ono pakhosi pake. Ng'ombe zanu pitirizani kuzisambitsa m'mankhwala. Mbalameyi ili ndi ubwino wokwanira, palibe chifukwa choinamizira wina.

Ena amati, nanga tivutikiranji ndi za kutchire pamene zoweta zilipo? Kuweta nkhanga ndimakulimbikitsa ndi mtima wonse. M'zaka za m'ma 1990 bungwe la Wildlife Society of Malawi lidathandiza anthu a ku Kam'mwamba, dera limene panthawiyo lidali m'boma la Mwanza koma tsopano lili ku Neno, kuti aziweta nkhanga, njuchi ndi kupanga chakumwa cha malambe m'malo modalira makala okha. Nkhanga yoweta imapirira matenda kuposa nkhuku, ngakhale kuti chitopa nayonso chimaigwira, choncho katemera musaimane. Mazira ake ali ndi chikamba cholimba, sasweka msanga pa njinga. Pofungatira ndiye ndi yosadalirika, n'chifukwa chake alimi ochenjera amaika mazira ake kwa nkhuku.

Komabe yoweta si yakutchire. Nkhanga zoweta zambiri pa dziko lapansi zidachokera ku mtundu wa ku West Africa umene Apwitikizi adapita nawo ku Ulaya m'zaka za m'ma 1400 ndi 1500, n'kufalikira kuchokera kumeneko. Mudzazizindikira ndi tinyama ta m'mbali mwa mlomo tofiira tonse, kanyanga kakafupi, miyendo yofiirira, ndipo zina zimakhala ndi nthenga zoyera pachifuwa ndi m'mapiko. Ku South Africa komwe kuja adapezanso kuti zoweta zikasochera zimakwerana ndi zakutchire, ndipo ana ake amatengera maanga oyera oonekera patali. Choncho amene mukuweta, madzulo muziwerenga nkhanga zanu ndi kuzitsekera. Ndipo amene mukufuna kuyamba, kaguleni mazira kwa mnzanu woweta. Kukokolola chisa cha kutchire ndi kudya mbewu, komanso nkhanga zoswa m'mazira amenewo zikakula nthawi zambiri zimakuthawani kubwerera kwawo.

Tsono musayembekeze kuti wina adzachokera ku Lilongwe kapena kunja kudzatikonzera zimenezi. Pa mndandanda wa bungwe la IUCN, limene limaona za zamoyo zimene zili pa ngozi, nkhanga ili m'gulu la zosadetsa nkhawa, popeza mu Africa yense zikadalipo zambiri. Mukapita ku Liwonde, Majete, Kasungu kapena Vwaza mudzaziona zikudutsa msewu mwaufulu. Ndalama za mabungwe zimapita kwa njovu, chipembere ndi ngaka, ndipo palibe galimoto yoyera imene idzaime pa bwalo la amfumu chifukwa cha nkhanga. Koma nkhanga ya ku Liwonde siidya ziwala za m'munda wa ku Dowa, ndipo mwana wa ku Thyolo sangaimve kulira kwake. Mbalame ikhoza kukhala yochuluka m'mabuku a akatswiri koma itatha m'mudzi mwanu.

Chimene ndikupempha sichifuna ngongole kapena makuponi. M'malire a munda wanu ndi wa mnzanu, aliyense asiye mizere iwiri yokha ya udzu, nandolo kapena zitsamba, osatentha. Udzu wa vetiva umene timabzala pa akalozera poteteza nthaka ukakula bwino umasanduka pobisala. Musaumwete wonse pamodzi m'dzinja. M'mbali mwa mtsinje siyani bango ndi nsenjere, zimene zikutetezaninso dimba lanu lomwe kuti lisagumuke. Mtengo umene mukudziwa kuti nkhanga zimagonamo, pansi pake pamaoneka ndi zitosi ndi nthenga, umenewo ukhale wa mudzi wonse ngati mmene timachitira ndi mitengo ya kumanda. Ndipotu si mwangozi kuti m'midzi ina nkhanga zotsala zimagona kumanda: ndi nkhalango yokhayo imene tidaiopa.

Izi munthu mmodzi sangazithe, chifukwa moto wa mnzako sudziwa malire. Apa mpamene ndikutembenukira kwa inu mafumu. Lamulo la za nkhalango la 1997 lidapereka mwayi woti mudzi ukhale ndi nkhalango yakeyake ndi komiti yoyang'anira zachilengedwe, ndipo mudzi ukhoza kudziikira malamulo ake. Ku Nyanja ya Chilwa, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, alenje a mbalame za m'madzi adapanga okha makomiti, n'kugwirizana miyezi yoleka kusaka ndi malo osasakamo kuti mbalame ziziswana. Amenewo ndi anthu amene mbalame ndi ndiwo zawo ndi ndalama zawo. Ngati iwo adatha, mudzi wa kumtunda ungalephere bwanji?

Ine sindikuti tileke kudya nkhanga. Ndi ndiwo yabwino, ndipo mudzi umene waisunga uli ndi ufulu wolawako motsata malamulo. Ndikuti kuyambira mvula yoyamba mpaka mu Epulo pasakhale wotchera, wotola mazira kapena wolowa m'dambo ndi agalu. Wogwidwa ndi chimanga cha poizoni asathere pa mbuzi ya kwa amfumu, apite ku polisi. Ndipo msonkhano wake uchitike mu Meyi kapena mu Juni, tikangomaliza kukolola, udzu usanaumitsitse. Pa msonkhano womwewo sankhani zigawo ziwiri kapena zitatu za udzu pafupi ndi madzi zoti chaka chino zisapse, mulambule njira yotchinga moto kuzungulira, ndipo mutchule mayina a anthu oziyang'anira pamaso pa onse, kuphatikizapo anyamata osaka mbewa, pakuti machesi amakhala m'thumba mwa iwowo.